A Mwamvanji ndi Ulalo wa Matabwa

Chimene ndinayamba kuona ndi diresi ya Tadala. Inali yonyowa mpaka m'chiuno, chonsecho kuno kwathu tsiku limenelo mvula sinagwe, dzuwa linali likuswa mtengo kuyambira m'mawa. Kumbuyo kwake kunkabwera Pemphero, patapata imodzi kuphazi, inayo palibe, matope ofiira mpaka m'mawondo. Ine n'kuti nditangofika kuchokera ku Chimbiya kumene ndimagulitsa mbatatesi, dengu lidakali pamutu.

"Mwadzera kuti?"

"Pa ulalo," anatero Tadala, maso ali pansi. "Madzi amadutsa pamwamba pang'ono. Ndinamugwira dzanja."

"Agogo anakulolani?"

"Agogo kulibe. Ndi mpando womwe kulibe."

Ndinatula dengu pomwepo, ndinawavula zonyowazo, ndinawafunditsa bulangete limodzi, kenako ndinathamangira kwa a Lusiyano Mbewe. Ndinapeza chitseko chotseka, nkhuku zili pakhonde. Oyandikana nawo anandiuza kuti awatenga m'mawa pa njinga yamoto kupita nawo kuchipatala, chifuwa chinawabanika usiku. Sanabwerenso ndi miyendo yawo. Mwezi wakwana tsopano chiwaikireni m'manda, ndipo a mphakati wathu wa ku tchalitchi anati amene ali ndi mawu alembe tikawerenge pa Misa yowakumbukira. Ndiye awa ndi anga.

Mukafika kuno kufupi ndi Kasina n'kufunsa za a Lusiyano Mbewe, ena adzayamba akuyang'anani kaye. Nenani kuti a Mwamvanji, ndi mwana yemwe akulozerani nyumba. Sanali agogo athu a magazi, ife ndi a Phiri, koma ana onse a m'mudzi muno ankawaitana agogo, iwo n'kumavomera.

Pa unyamata wawo ankagwira ntchito ku ofesi ya boma yofalitsa nkhani. Ankayenda m'midzi pa galimoto ya chinkuzamawu padenga, masana kulengeza za katemera, za dibi ya ng'ombe, za kalembera, madzulo kupachika chinsalu choyera pa bwalo la sukulu n'kuonetsa kanema. Amayi anga amati mawu awo ankafika m'mudzi galimotoyo isanaoneke, akazi n'kusiya mitondo. Atapuma ntchito anabwera kwawo ndi sutikesi, wailesi, ndi kachinkuzamawu kam'manja kong'ambika kukamwa, komanga ndi mphira. Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse wa m'mudzi, wa maliro, wa sikelo ya ana, wa makuponi, unkadzera mwa iwo. Palibe anawalemba ntchito imeneyo. Anangopitiriza.

Dzina lija linabwera chifukwa cha khalidwe lawo limodzi. Akatha kulengeza ankathimitsa chinkuzamawu, n'kuyang'ana pagulu. Sankasankha mphunzitsi kapena wa komiti amene wakhala kutsogolo. Ankasankha mayi wa kumbuyo amene mwana akumulirira kumsana, kapena nkhalamba yogontha khutu limodzi, n'kufunsa kuti, "Mwamvanji?" Ine anandigwirapo ndili ndi pakati pa Tadala. Analengeza kuti tsiku la sikelo lasintha, anafotokoza chifukwa chake, anatchula za anamwino amene apita ku maphunziro. Kenako chala chili pa ine.

"Naphiri, mwamvanji?"

"Mwati sikelo yatha."

Gulu lonse linaseka, ine manyazi, ndinabisa nkhope m'chitenje. Iwo anakweza dzanja. "Musaseke. Wamva bwino zimene ine ndanena moipa." Anayatsanso chinkuzamawu chija. "Sikelo ndi Lachinayi. Lachitatu osapita. Sikelo ndi Lachinayi." Basi. Anandifunsanso, ndinayankha bwino, anagwedeza mutu ngati amene wakhoza mayeso ndi iwowo.

Ankati munthu wochokera kumunda amamva mawu oyamba okha, otsatirawo amapita ndi mphepo, ndi kulira kwa mwana, ndi maganizo a ndiwo zamadzulo. Choncho chochita chizikhala patsogolo, zifukwa pambuyo, zothokoza kumapeto kwenikweni ngati mpata ulipo. Ankatinso uthenga sunafike ukatuluka pakamwa pa wonena, umafika ukatuluka pakamwa pa womva.

Zimenezi n'zimene zinawayambanitsa ndi a katekisiti athu, a Gerevaziyo. Iwo aja zolengeza za pambuyo pa Misa amaziyamba ndi kulonjera makomiti onse, wapampando ndi wachiwiri wake, amayi a bungwe, akwaya, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Lamulungu lina a Lusiyano anakaima pakhomo la tchalitchi, chipewa m'manja, n'kumafunsa aliyense wotuluka kuti ubatizo wa ana uli liti. Wina anati sabata yamawa, wina anati pa Pasaka, wina anati kodi kuli ubatizo. A Gerevaziyo anatuluka nkhope itagwa.

"A Mbewe, muno ndi m'nyumba ya Mulungu, si pa galimoto yanu ija."

"Mulungu wamva, aphunzitsi, sindikukayika. Ndikufunsa za anthuwa."

Sanalankhulane nyengo yonse ya Lenti. Itatha anapezekanso pa bawo limodzi kuseri kwa chigayo, akunyozana monga kale. Zolengeza zinafupika pang'ono, koma a Gerevaziyo mpaka lero amati anafupikitsa okha.

Nyuzipepala ankazikonda ngakhale zakale. Ndikamabwera ku Chimbiya ndinkawatolera zimene anyamata a tchipisi amakulungira, zamafuta zomwe. Ankaziwongola ndi chikhatho pa bondo, n'kuyamba kufuna tsiku pamwamba. Ikakhala yong'ambika pa tsikupo ankandibwezera, ankati kakulungireni bonya, nkhani yosadziwika tsiku imangoopseza anthu ndi zinthu zimene zinatha kale. Wailesi ndiye inali mkazi wachiwiri, amatero akazi awo a Nangozo. "Tochi ilibe mabatire, ine ndikupunthwa popita kuchimbudzi, koma mkazi mnzangayu ndiye wakhuta." Iwo ankangoti, "Tachete kaye mayi, akunena zanyengo." Wailesi ikati mvula igwa m'madera ena a chigawo chapakati, ankatuluka panja, kuyang'ana ku Phiri la Dedza ndi timapiri ta kumtunda kwathu, n'kubwera kudzatiuza ngati madera enawo ndi ife kapena ayi.

Tsopano za ulalo. Pakati pa mudzi wathu ndi sukulu pali mtsinje wa kumadimba. M'chilimwe mwana amaulumpha. M'dzinja ndi wina. Mvula itha kugwa kumapiri kokha, kuno dzuwa lili ng'aa, madzi n'kungofika nthawi imodzi, ofiira, atanyamula ziputu. Kale panali mitengo iwiri ya bulugama yogonekedwa, yoterera, ndipo aliyense ankaiopa. Mvula ikayamba ana ankazungulira kumsewu, kutali ndithu, koma ankafika.

Ndiye kampani ina yocheka matabwa a paini kumtunda inati itimangire ulalo. Inamangadi, wokongola, wa matabwa okhuthala, wokhala ndi zogwirira zopaka penti. Koma anaumanga pomwe panali mitengo paja, pamene magombe ndi otsika. Tsiku lopereka kunabwera mneneri wa kampaniyo, mnyamata waulemu wake, wodziwa kugwada polonjera akulu, pamodzi ndi mtsikana mtolankhani wa wailesi ina atanyamula chojambulira mawu. Anagawa matisheti, zitenje, zakumwa za m'mabotolo. Inenso chitenje ndinalandira, ndinavina nawo, bambo a ana angawa amacheka matabwa komweko. Atafunsa kuti ndani angalankhule m'malo mwa mudzi, mitu yonse inatembenukira kumodzi.

A Lusiyano anali atavala jekete yawo ya ku ofesi. Anaima pa ulalo pomwepo, cholankhulira chili pakamwa. Ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Tikuthokoza kwambiri. Ulalo uwu ndi wabwino, ana athu aziwoloka bwino popita kusukulu."

Anapuma. Ndinawaona akuyang'ana kumtunda kumene mapiri ameta mpala. Kenako anapitiriza.

"Koma uli pansi. Madzi akafiira munthu asapondepo, chifukwa kumtunda mitengo yatha, madzi sachenjeza."

Tonse tinaomba m'manja, ndi mneneri yemwe.

Patapita masiku tinawamva pa wailesi. Kunayamba kanyimbo, kenako mawu a mzimayi onena za kampani yokonda anthu a kumudzi, kenako iwo, mawu awo enieni aja, kuthokoza, ulalo ndi wabwino, ana athu aziwoloka bwino. Kanyimbo kanabwereranso. Basi. M'mudzi monse munali chimwemwe, ana akuthamanga kuti agogo alowa mu wailesi. Ine ndinapita kukawayamikira. Ndinawapeza pakhonde, wailesi ili pa miyendo, yothimitsa.

"Naphiri, mwamvanji?"

"Ndamva kuti ulalo ndi wabwino."

"Eya. Ndi zimene ndanena."

A Nangozo anali akusenda nyemba pamphasa. "Akudulani abambo. Zinazo ataya."

"Adula pamene ndinawasiyira," anatero a Lusiyano. "Ndinapuma."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana. Anati masiku awo mawu ankajambulidwa pa tepi, ndipo pofupikitsa ankadula ndi lumo n'kumatanso. Iwo omwe anadulapo zolankhula za anthu ambiri. Lumo sililowa pakati pa mawu, limalowa pamene munthu wapuma. Zonsezi ankazidziwa kuposa aliyense m'boma lino. Koma tsiku lija panali alendo, alendo obwera ndi mphatso, ndipo kwathu kuno mlendo sumuyamba ndi chodandaula, umayamba wathokoza. Ulemu unawatsogolera, chochita chinatsalira kumbuyo kwa mpweya.

Anabwereka foni n'kumuimbira mneneri uja, ndipo mnyamatayo, ndisamunamizire, anabwera. Anakhala pa kampando kotsika, a Nangozo anamupatsa mapichesi m'mbale.

"Bambo, nthawi ya pa wailesi ndi yogula, ndiponso ndi yaifupi. Sitinanamepo. Mawuwo ndi anu."

"Ndi anga, theka lake."

"Akuluakulu sangalipire kuti wailesi izinena kuti ulalo wawo uli pansi. Inunso ntchitoyi munagwirapo, mukudziwa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukalipira iwe. Uli ndi ana?"

"Mmodzi."

"Amawoloka chiyani popita kusukulu?"

Mnyamatayo anaseka pang'ono, kenako anasiya. Analonjeza chikwangwani. Chinabweradi, dzina la kampani lalikulu pamwamba, chenjezo m'Chingerezi pansi, timalemba tating'ono. Chilipo mpaka pano, mbuzi zimadzikanda pamenepo. Uthenga wa pa wailesi uja sunasinthe.

Tinkayembekeza kuti atenga chinkuzamawu n'kuzungulira mudzi. Sanatero. Anati wailesi imalankhulira m'nyumba, munthu ali phee pa mphasa yake, ndiye sungaigonjetse uli panja ukukuwa, uyenera kulowa m'nyumba momwemo. Anayamba khomo ndi khomo, ndodo m'manja, kuodira, kukhala pansi, kuitanitsa ana. Ena ankawaseka. Bambo wina wa ku chigayo anati, "Tsopano a Mwamvanji alipo awiri, wa mu wailesi akuti woloka, uyu akuti usawoloke. Timvere uti?" Iwo anati, "Mverani wa miyendoyu. Winayo sadzabwera pa maliro."

Koma anaona kuti sizikukwanira. Ulalo unali wokongola, njira ya kumsewu inali yaitali, ndipo mantha amene ankatisungira ana pa mitengo ya bulugama ija anali atachoka. Mvula itayamba, nthawi yoweruka ana ikayandikira, ankanyamula kampando kawo ndi ambulera n'kukakhala patsinde pa mtengo wa katope, tsidya lino la ulalo. Ana akafika tsidya linalo ankaima. Iwo ankayang'ana madzi. Akakhala oyera ankakodola ndi dzanja. Akakhala ofiira ankayatsa chinkuzamawu: "Osawoloka. Bwererani kwa a Rozina." A Rozina ndi mayi wamasiye amene nyumba yake ili pamtunda, mbali ya kusukulu. Tsiku lina madzi anakwera mpaka kumiza zogwirira, anakokolola mbuzi ya eni ake ndi kabichi wa m'madimba. Ana onse anali pakhonde pa a Rozina akukukuta chimanga chowotcha. A Lusiyano anabwera kunyumba atanyowa ngati nkhuku, a Nangozo akukalipa kuti chifuwa chimenecho chidzawatenga, iwo akungofunsa ngati madzi otentha alipo.

Anachita zimenezi dzinja limenelo ndi linzake. Palibe anawatuma. Ife amayi tinazolowera, tinkapita ku misika mitima ili m'malo, podziwa kuti pa katope pali munthu. Sindikumbuka kuti tinawafunsapo ngati atopa.

Maliro awo analengeza ndi a Gerevaziyo, ndi chinkuzamawu chomwe chija. Ananena mwachidule, dzina, tsiku, manda. Atamaliza anaima kanthawi ngati akufuna kufunsa kanthu pagulu, kenako anangothimitsa n'kupukuta m'maso.

Sabata yotsatira ndili ku Chimbiya, ndikuthamangira minibasi ndi beseni la mbatatesi, ndinawamva a Lusiyano. Mawu ankachokera mu wailesi ya m'golosale. Tikuthokoza kwambiri, ulalo uwu ndi wabwino. Kampani ija inali itayambiranso kuulutsa uthenga wake. Beseni linandipulumuka, mbatatesi kumwazikira mumsewu, anzanga n'kumatola akundifunsa ngati ndadwala. Madzulo ake Pemphero anabwera kuchokera kwa anzake akumwetulira.

"Amayi, agogo sanafe. Ali mu wailesi."

"Ati chiyani?"

"Akuti tiziwoloka bwino."

Pemphero ali Sitandade 1. Mawu amene amawakhulupirira kuposa anga, kuposa a aphunzitsi, ndi amenewo, ndipo tsopano akumuuza tsiku ndi tsiku kuti woloka, mwini wake ali m'manda sangathenso kubwera kudzawonjezera theka linalo. Ndinakhala pansi pakhomo.

Wailesi sindingaitseke, si yanga, ndipo ili m'nyumba iliyonse. M'mawa mwake ndinapita kwa a Nangozo. Anatulutsa chinkuzamawu kuti nditenge, ndinakana, mawu anga amanjenjemera pagulu, anthu angomva mantha okha. Anati, "Ndiye tenga funso lawo, silifuna mabatire." Kuchoka apo ndinazungulira kumsewu mpaka kwa a Rozina, ndinagwada, ndinawapempha kuti khomo lawo likhalebe lotsegula ngakhale wotumiza ana uja kulibe. Anati khomo silinatsekedwepo. Ndimawasiyira timbatatesi Loweruka.

Kenako ndinawakhazika ana anga pamphasa. Ndinakoka mpweya wambiri kuti ndisapume pakati.

"Madzi akafiira osawoloka bwererani kwa a Rozina. Pemphero, wamvanji?"

"Tikadye chimanga kwa a Rozina."

Dzanja linanyamuka lokha, koma ndinalibweza. Wamva bwino zimene ndanena moipa. Ndinayambiranso. "Ofiira, osawoloka." Ndinatunga madzi m'kapu, ndinathiramo dothi la pakhomo, ndinavundula, ndinamuonetsa. "Awa ndi otani?" Anati ofiira. "Ukatani?" Anati osawoloka. "Nanga agogo a mu wailesi akati woloka?" Anaganiza nthawi yaitali, Tadala akumugunda ndi chigongono. Ndinamuuza kuti agogo ananena zambiri tsiku lija, ine ndinalipo, wailesi inangotola zoyamba, ndipo zomalizira anandisiyira ine kuti ndizimuuza. Anavomera. Kaya anamvetsa, kaya. Choncho m'mawa uliwonse pakhomo, asananyamule makope, ndimawafunsa mmodzimmodzi, ndipo sachoka asanayankhe. Mitambo ikaphimba phiri ndimasiyira mnzanga beseni n'kukwera minibasi msanga.

Dzulo phiri linaphimbika ndili ku Chimbiya, koma minibasi inachedwa kudzaza. Nditatsika ndinathamanga njira yonse ya kumadimba, chitenje m'manja, ndikupemphera zosamveka. Mtsinje ndinaumva ndisanauone. Madzi anali ofiira, akunyambita matabwa, zinyalala zitakodwa m'zogwirira. Pa ulalo panalibe munthu.

Patsinde pa katope udzu sunamerebe. Pali dothi losalala pamene ankapondapo, ndi timaenje tinayi pamene miyendo ya kampando inkalowa, dzulo tinali todzaza madzi. Msomali umene ankakolekapo ambulera ukadali pa mtengo. Ndinaima pambali pake, sindinapondepo. Ndinayang'ana tsidya, pamtunda, ndipo pakhonde pa a Rozina panali timitu tambiri, pakati pawo Tadala atamugwira Pemphero kolala ya malaya. Anandiona. Pemphero analoza madzi, akukuwa mawu amene mtsinje unawameza, koma pakamwa pake ndinawawerenga.

Ndinawakwezera dzanja kuti khalani komweko. Ndinabwerera, ndinazungulira kumsewu, njira yaitali ija, ndinakawatenga. Pobwera Tadala anali patsogolo ndi makope, Pemphero ndinamubereka kumsana ndi chitenje cha kampani chija.